Thukuta la wothamanga lisathere m'matumba mwa anthu

Chaka ndi chaka, kawirikawiri m'mwezi wa Epulo, misewu ikuluikulu ya mumzinda wa London ku Britain imatsekedwa tsiku limodzi Lamulungu kuti anthu miyandamiyanda athamange mpikisano wa mtunda wautali wotchedwa London Marathon. Mtundawo ndi wa makilomita 42 ndi mamita 195. Kuti zimveke bwino, n'chimodzimodzi kuzungulira bwalo la zamasewero, lija la mamita 400, ka 105 ndi theka.

Akatswiri omwe amakhala patsogolo, makamaka a ku Kenya ndi Ethiopia, amamaliza mtundawu m'maola awiri ndi mphindi zowerengeka. Mwachitsanzo, mu 2023 malemu Kelvin Kiptum wa ku Kenya adaumaliza m'maola awiri, mphindi imodzi ndi masekondi 25. Koma nkhani yaikulu ya tsikuli siili pa akatswiriwa. Ili pa chinamtindi cha anthu chomwe chimabwera pambuyo pawo: aphunzitsi, anamwino, madalaivala, amayi apakhomo ngakhalenso agogo, omwe ena amatenga maola 5, ena 7. Anthuwa sayembekezera chikho. Ambiri mwa iwo amathamanga pofuna kupeza ndalama zothandizira mabungwe a zachifundo.

Mpikisanowu adauyambitsa ndi akatswiri awiri opuma pa zothamanga, a Chris Brasher ndi a John Disley, ataona momwe anzawo amachitira ku New York. Woyamba udachitika pa 29 Malichi 1981 ndipo omwe adafika kumapeto adali oposa 6 000. Mu 2025 adapitirira 56 000. Ndalama nazo zakhala zikukwera. Mu 2019 mokha othamanga adasonkhanitsa mapaundi 66.4 miliyoni, ndipo m'chaka chomwecho ndalama zonse zomwe zidasonkhanitsidwa chiyambire 1981 zidadutsa mapaundi 1 biliyoni.

Nanga ndalama zankhaninkhani chonchi zimabwera bwanji? Njira yake njosavuta kumva. Ofuna kuthamanga amakhala ochuluka kuposa malo omwe alipo. Pa mpikisano wa 2025, anthu oposa 840 000 adalembetsa maina kuti achite nawo maere opezera malo. Tsono kuyambira mu 1993, okonza mpikisanowu amagulitsa malo ena ku mabungwe a zachifundo. Bungwe limapereka malowo kwa munthu yemwe walonjeza kuti alisonkhanitsira ndalama, kawirikawiri mapaundi 2 000 kapena kuposera apo. Akatero munthu uja amayamba kugogoda pamakomo: kwa abale, kwa anzake a kuntchito, kutchalitchi ndi kwa oyandikana nawo nyumba. Wina apereka mapaundi 5, wina 20, wina 100. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Wina akhoza kufunsa kuti bwanji osangopempha ndalamazo, kusiyana n'kudzizunza ndi liwiro. Yankho lili pa thukuta. Munthu wofuna kumaliza mtunda umenewu amayenera kukonzekera kwa miyezi inayi kapena kuposa, ndipo ku Britain miyezi imeneyo imakhala ya chisanu choluma. Amadzuka m'bandakucha, ena ali mtulo, n'kumathamanga mumdima asadapite kuntchito. Mnansi yemwe akumuona akuvutika chotere dzanja lake limafewa, chifukwa amadziwa kuti wopemphayo wayamba ndiye kupereka. Komanso ambiri amathamanga ali ndi chisoni chawochawo mumtima. Wina adataya mayi ake ndi matenda a khansa, wina mwana wake adapulumukira m'chipatala, ndipo dzina la wokondedwayo amalilemba kumsana kwa malaya othamangira.

Alipo ena omwe adachita zodabwitsa zedi. Mu 2002 a Lloyd Scott, omwe adachira ku khansa ya m'magazi, adayenda mtunda wonsewo atavala chovala chamakedzana chomirira m'nyanja, cholemera ngati thumba la chimanga. Zidawatengera masiku 5 ndi maola 8. Chaka chotsatira a Michael Watson, katswiri wa nkhonya yemwe adavulala ubongo mubwalo mu 1991, adayenda mtunda womwewo kwa masiku 6 pofuna kuthandiza bungwe loona za matenda a ubongo ndi msana. Zinthu ngati izi zimakhudza mtima ngakhale wa munthu woumira.

Komabe thukuta palokha silikadakwanitsa kusunga mwambowu kwa zaka zoposa 40. Chomwe chausunga ndi chikhulupiriro cha opereka chakuti ndalama zawo zikafika komwe zidalonjezedwa. Chikhulupiriro chimenechi sichidagwe kumwamba. Chidamangidwa ndi ndondomeko.

Poyamba, ndalama zambiri masiku ano sizidutsa m'thumba mwa wothamanga. Iye amatsegula tsamba pa intaneti, monga pa JustGiving, ndipo wopereka akatumiza ndalama zimapita ku akaunti ya bungwe lomwe latchulidwa. Kachiwiri, patsambapo pamaoneka ndalama zonse zomwe zalowa, kotero aliyense akhoza kuwerengera yekha. Kachitatu, mabungwe a zachifundo a ku England ndi Wales ali pansi pa nthambi ya boma yotchedwa Charity Commission, komwe omwe amalandira ndalama zochuluka amapereka malipoti a chuma chaka chilichonse, ndipo malipotiwo munthu wamba akhoza kuwaona. Boma nalo limaikapo dzanja lake: pa mapaundi anayi aliwonse omwe munthu wokhoma msonkho wapereka, bungwe likhoza kukatenga paundi ina imodzi kuboma kudzera m'ndondomeko yotchedwa Gift Aid.

Izi sizikutanthauza kuti kumeneko kulibe afisi. Nkhani ya a Tom Moore ndi phunziro lokwanira. Mkuluyu, yemwe adamenya nawo Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, adali ndi zaka 99 mu Epulo 2020 pomwe adalonjeza kuti ayenda maulendo 100 pabwalo la nyumba yawo pofuna kupeza mapaundi 1 000 othandizira zipatala pa nthawi ya mliri wa Covid-19. Anthu adakhudzidwa kwambiri moti ndalama zidapitirira mapaundi 32 miliyoni, ndipo zidapita ku mabungwe othandiza zipatala monga momwe zidalonjezedwera.

Vuto lidabuka pa bungwe lina lomwe lidakhazikitsidwa m'dzina la mkuluyu. Iwo atamwalira mu 2021, a Charity Commission adafufuza bungwelo ndipo mu Novembala 2024 adatulutsa lipoti lonena kuti mwana wawo wamkazi pamodzi ndi mwamuna wake adapindulapo mosayenera. Mwa zina, ndalama zoposa mapaundi 1.4 miliyoni za mabuku a mkuluyu zidapita ku kampani ya banjalo, pomwe ogula mabukuwo ankaganiza kuti akuthandiza bungwe la zachifundo. Awiriwo adaletsedwa kuyendetsa mabungwe oterewa kwa zaka zingapo. Dzina lomwe dziko lonse lidaliombera m'manja lidadetsedwa. Chosangalatsa n'chakuti kudali wofufuza, ndipo zomwe adapeza adazibweretsa poyera.

Nkhaniyi siili kutali ndi mabanja a muno m'Malawi. Phala lomwe ana ambiri a m'sukulu za pulaimale amalandira kuchokera ku bungwe la Mary's Meals, lomwe lidayamba mu 2002 ndi ana 200 a m'dziko muno, limagulidwa ndi ndalama zomwe mbali ina zimachokera kwa anthu wamba a ku Scotland, England ndi maiko ena. Ena mwa iwo amazipeza m'njira yomweyi yothamanga kapena kuyenda mitunda italiitali. Mwana akamanyambita kapu ya phala pa nthawi ya buleki, mwina kuli munthu wina kutsidya kwa nyanja yemwe adatupa mapazi chifukwa cha iye.

Kuwonjezera apo, Amalawi nawo ali ndi mwambo wofanana ndi umenewu. Palibe tauni kapena malo ochitira malonda komwe anthu sadaonepo ndawala. Mpingo ukafuna kufolera tchalitchi, sukulu ikafuna madesiki, kwaya ikafuna zida, anthu amavala malaya ofanana, n'kutenga zikwangwani ndi mbale, ulendo wa pamsewu. Kusadafike tsikulo ana amayenda ndi mafomu m'maokala, m'magolosale ndi m'maofesi. Wogulitsa tomato pamsika amapatula K500 pa mpamba wake wochepawo n'kulemba dzina. Mtima wopereka ulipo, ndipo ndi womwe wamanga matchalitchi, mizikiti ndi midadada ya sukulu yambiri m'dziko muno.

Chomwe chimasowa nthawi zambiri ndi mapeto a nkhani. Tsiku la ndawala kumakhala nyimbo, magule ndi malankhulidwe a mlendo wolemekezeka. Likadutsa tsikulo kumangoti zii. Sipamveka kuti mafomu adatuluka angati ndipo adabwerera angati. Sipamveka kuti malaya, madzi akumwa, zokuzira mawu ndi mafuta a galimoto zidadya ndalama zingati. Pakapita chaka, maziko a nyumba ija akadali pomwepo, udzu utamera, ndipo komiti yomweyo yabweranso ndi mafomu atsopano. Wofunsa amaoneka ngati wamwano kapena wosapemphera. Mapeto ake anthu amayamba kubisala akaona mwana ali ndi fomu, ndipo olangika amakhala a chilungamo omwe. Paja nsomba ikawola imodzi zimawola zonse.

N'chifukwa chake mpofunika kuti aliyense wofuna kuthamanga kapena kuyenda ndawala m'dzina la osowa atengereko nzeru ku London, osati pa kukula kwa mwambo, koma pa kayendetsedwe ka ndalama. Cholinga chizikhala chimodzi ndiponso chowerengeka. Kunena kuti ndalama zikathandiza ovutika n'kosakwanira. Anthu auzidwe kuti pakufunika madesiki 60, kapena mjigo umodzi pamudzi wakutiwakuti, ndipo mtengo wake ndi wakuti.

Ndalama zisamadutse m'thumba mwa munthu mmodzi. Masiku ano kuli Airtel Money ndi TNM Mpamba, ndipo nthambi za mabanki zidafika m'maboma ambiri. Nambala kapena akaunti yolandirira ikhale ya bungwe, ya mpingo kapena ya komiti ya sukulu, yokhala ndi osayinira awiri kapena atatu omwe si apachibale. Fomu iliyonse ikhale ndi nambala ndi chidindo, ndipo ibwezedwe ngakhale itakhala kuti sidalembedwepo kanthu. Ngati wina walonjeza K1 000 pa kilomita iliyonse ya mtunda wa makilomita 42, K42 000 yakeyo ilembedwe ndipo alandire risiti tsiku lomwe wapereka.

Zowonongedwa pokonza mwambo nazo zinenedwe poyera. N'zomvetsa chisoni kupeza kuti ndalama zogulira malaya ndi zodyetsera alendo zaposa zomwe zatsalira odwala kapena ana amasiye. Ngati kampani ikufuna kuti dzina lake lioneke pachifuwa pa othamanga, ilipire ndiyo malayawo, kuti K500 ya mayi wa tomato uja ifike yonse komwe adaituma. Ndipo pasadathe mwezi, komiti iwerenge lipoti pamaso pa anthu, kaya kutchalitchi, kumzikiti, pamsonkhano wa makolo kapena pabwalo la mfumu, n'kulimata pakhoma pomwe aliyense angalione.

Opereka nawo ali ndi udindo. Kufunsa komwe ndalama zikupita si mwano, ndipo wochita zoona sakwiya ndi funso. Ngati opemphawo akuti ndi bungwe lomwe si laboma, malamulo a dziko lino amafuna kuti likhale lolembetsedwa ku NGO Regulatory Authority ndipo lizipereka malipoti a chuma chaka ndi chaka. Ngati ndi a mpingo kapena sukulu, m'busa, shehe kapena mphunzitsi wamkulu akuyenera kudziwa za mafomuwo. Makolo asalolenso ana ang'onoang'ono kumayenda okha m'misewu ndi m'malo omwera mowa atanyamula ndalama za anthu.

Pomaliza pali nkhani ya moyo wa wothamangayo. Makilomita 42 si masewera. Ngakhale ku London, komwe madokotala ndi maambulansi amakhala ali chire m'njira monse, anthu ena adatayapo miyoyo. Mu 2018, chaka chomwe kudatentha kwambiri, mnyamata wa zaka 29 adakomoka atatsala pang'ono kumaliza ndipo adamwalira. Kuno komwe dzuwa la Okutobala limaswa mtengo, wofuna kuyesa mtunda wotere ayambe waonana ndi achipatala, akonzekere kwa miyezi, anyamuke m'mamawa ndipo madzi akumwa akhalepo m'njira. Yemwe sangathe 42 athamange 10 kapena 5. Osowa thandizo sapindula kanthu ndi maliro a wowathandiza.

Kuthamangira anzako ndi chinthu chokongola, ndipo dziko lomwe zipatala zake zimasowa mankhwala, ana ake n'kumaphunzirira pansi pa mtengo, likufunika anthu ambiri a mtima wotere. Koma mpikisano wachifundo suthera pamzere womalizira pomwe pali makamera ndi nthungululu. Umatha tsiku lomwe mjigo uja watulutsa madzi, ana akhala pamadesiki, ndipo mayi wa tomato wauzidwa zomwe K500 yake idachita. Akauzidwa, chaka chamawa adzapereka K1 000 osaumirizidwa.