Makwerero a Amayi Asathyoledwe Pakati

Aliyense wogwira ntchito m'boma, ndiponso atsogoleri a m'nthambi, m'madera ndi m'maboma, akudziwa kuti chitukuko cha dziko lino chili m'manja mwa amayi ndi abambo omwe. M'zipatala, m'masukulu ndi m'maofesi amayi ndi ambiri, ndipo thukuta lawo ndi loonekeratu. Koma munthu akalowa m'zipinda za ku Capital Hill momwe akuluakulu amagamula za ndalama ndi maudindo, amapeza kuti amayi aja achepa. Funso loyenera kufunsidwa mosapsatira mawu ndi ili: kodi amayiwo amatsakamira pati?

Lamulo siliwaletsa ayi. Malamulo aakulu a dziko a 1994 amaletsa kusala munthu chifukwa choti ndi wamkazi, ndipo lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi linanenetsa kuti polemba anthu ntchito m'nthambi iliyonse ya boma, amuna kapena akazi asachepere 40 ndiponso asapitirire 60 mwa anthu 100 alionse. Komabe lamulo lomwelo limalola kuti muyeso umenewu usatsatidwe ngati munthu wa maphunziro ndi luso loyenera udindowo sanapezeke. Apa mpamene pagona nkhani. Mawu akuti mayi woyenera sanapezeke amanenedwa tsiku la mayeso olowera udindo, koma kusowa kwa mayiyo kumakonzedwa zaka zambiri m'mbuyo, ndi anthu amene mwina saganiza n'komwe kuti akulakwa.

Kumakonzedwa tsiku limene mkulu wa pa ofesi asankha opita ku maphunziro apadera ku Mpemba, ku Kanengo kapena kunja kwa dziko, nadumpha mayi poganiza kuti ana ake asowa owasamala, osamufunsa mwini wake. Kumakonzedwanso pamene bwana apita kutchuthi, nasiya mwamuna kuti agwirizire udindo, mayi wa msinkhu womwewo pantchito nauzidwa kuti alembe zokambirana za pamsonkhano ndi kuona za tiyi wa alendo. Mawa udindo ukapezeka, mwamuna uja amaonetsa satifiketi ndi miyezi imene anagwirizira, pamene mayi alibe choonetsa.

Nkhani ya uchembere nayonso imasandutsidwa chopinga. Lamulo la ntchito la 2000 limapatsa mayi tchuthi cha milungu yosachepera 8 ndi malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu, ndipo mu 2021 abambo nawo anapatsidwa milungu iwiri. Umenewu ndi ufulu wake wa mayi, koma alipo mabwana amene amauwerenga ngati ulesi polemba lipoti la kagwiridwe kake ka ntchito. Chimodzimodzi pa nkhani yosamutsa anthu: kukwezedwa kukadza ndi kalata yopita ku Chitipa kapena ku Nsanje, ena amangogamula kuti mwamuna wake sadzalola, ndipo kalatayo imapita kwa wina.

Palinso chizolowezi chokambirana za maudindo usiku pamalo omwera mowa, pamene mayi wodzilemekeza sangakhalepo popanda kujedwa. Choipitsitsa ndi khalidwe la mabwana ofuna chibwenzi ngati dipo la kukwezedwa. Lamulo la 2013 lija linatchula khalidwe limeneli kuti ndi mlandu, ndipo wolichita sayenera kutetezedwa chifukwa cha mpando wake kapena anzake amene amadya nawo.

Amene akali kunena kuti ng'ombe yaikazi siikoka ngolo ayang'ane mbiri ya dziko lawo. Mayi Rose Chibambo anasonkhanitsa amayi pomenyera ufulu wa dziko lino, ndipo nkhope yawo ili pa ndalama ya K200. Mayi Anastasia Msosa anatsogolera bungwe loyendetsa chisankho cha 1994, nakhala Mkulu wa Oweruza Milandu mu 2013. Mayi Joyce Banda analamulira dziko kuyambira 2012 mpaka 2014, ndipo mu 2019 Nyumba ya Malamulo inasankha Mayi Catherine Gotani Hara kukhala Sipikala woyamba wamkazi. Maina amenewa atsimikiza kuti nzeru zilipo. Koma maina owerengeka sangakhale chodzikhululukira nacho pamene amayi zikwizikwi akupuma pantchito pa mpando womwewo umene anayambirapo.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mlembi Wamkulu wa mawa ali lero pakati pa makalaliki, aphunzitsi, anamwino ndi alangizi a zaulimi. Motero nkofunika kuti mkulu aliyense wa nthambi azisunga kaundula woonetsa amene anatumizidwa ku maphunziro, amene anagwirizira udindo ndi amene anakwezedwa, amuna paokha, akazi paokha, ndipo kaundulayo aziunikidwa chaka ndi chaka. Mayi azifunsidwa yekha ngati angathe kusamuka. Nkhani za maudindo zizigamulidwa masana, m'ofesi, ndi kulembedwa. Wodandaula za nkhanza azimvedwa ndi munthu wina amene si bwana wodandauliridwayo.

Zonsezi sizilira ndalama za boma kapena thandizo lochokera kunja; zimangolira chilungamo cha munthu wogwira cholembera. Amene adzanene mawa kuti mayi woyenera sanapezeke, ayambe waonetsa kaundula wa amayi amene iye anawakonzekeretsa.