Mafuta Sadzaza Nkhokwe

Pali bodza limene lafala pakati pathu, lakuti dziko likangotulukira mafuta pansi pa nthaka ndiye kuti umphaŵi watha. Onena zotere ayambe afunsa anthu a ku Nigeria.

Mafuta anapezeka ku Oloibiri mu 1956, nayamba kugulitsidwa kunja mu 1958. Masiku amenewo Nigeria linali dziko la alimi; ku Kano matumba a mtedza ankaunjikidwa ngati mapiri. Mtengo wa mafuta utakwera kanayi mu 1973 ndi 1974, ndalama zinasefukira. Naira inalimba, motero chakudya chochokera kunja chinatsika mtengo, pamene mbewu za mlimi zinayamba kudulira ogula akunja. Anyamata anataya makasu nathamangira ku Lagos. Mu 1975 boma linaitanitsa simenti yochuluka kotero kuti zombo mazanamazana zinagona padoko miyezi yambiri, zikulipiritsa tsiku lililonse. Mtengo utagwa mu 1986, dziko linatsala ndi ngongole, mapiri a mtedza aja atazimirira. Walira mvula walira matope.

Choŵaŵa koposa nachi. Boma lodalira msonkho wa mlimi limakakamizika kumumvera, koma lodalira chitsime cha mafuta limasamala chitsimecho ndi mfuti zochilondera. Ken Saro-Wiwa, amene anadandaula kuti mafuta otayika akuononga minda ndi mitsinje ya Aogoni, ananyongedwa ndi anzake 8 mu 1995. Mu 2011 bungwe la United Nations linapeza kuti kuyeretsa deralo kungatenge zaka 25 mpaka 30.

Ena amati mafuta ndi temberero. Iyai, kutero n'kukhululukira akuba. Norway inapeza mafuta ku Ekofisk mu 1969, ndipo mu 1990 inakhazikitsa thumba losungiramo phindu lake. Boma limatapamo pang'ono chaka ndi chaka, zotsalazo n'za ana osabadwa. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko nyumba ya malamulo ndi makhoti zinali zolimba mafuta asanabwere.

Nkhaniyi ikutikhudza, pakuti mu 2011 boma lathu linapereka chilolezo chofufuza mafuta pa Nyanja ya Malaŵi. Tisanavinire chuma chimene sitinachione, tifunse: mapangano ake adzaŵerengedwa poyera kodi? Adzasunga ndalamazo ndani? Nanga msodzi wa usipa adzadandaula kwa yani madzi akadetsedwa? Nkhokwe yobooka, ngakhale muithire chimanga chotani, imadyetsa makoswe.