Funsani chiphaso musanabayidwe jakisoni

Kuno kumunsi kwa Khwekhwerere, aliyense wovala zoyera n'kunyamula jakisoni timangomutcha "adokotala", ndipo timapereka thupi osafunsa kanthu. Mlamu wanga anatupa thako mwezi wathunthu atabayidwa ndi mnyamata wina wogulitsa mankhwala m'kachipinda kuseri kwa golosale. Mapeto ake tinakamutula ku chipatala cha Mua, bala likutuluka mafinya. Chimandipweteka n'chakuti lamulo lotiteteza lilipo kale. Lamulo la 1987 linakhazikitsa Medical Council of Malawi, ndipo dokotala, kiliniko ofesala ngakhale medikolo asisitanti saloledwa kugwira wodwala dzina lake lisanalowe m'kaundula wa bungweli. Anamwino ndi azamba ali ndi lawo, Nurses and Midwives Council of Malawi, pamene za mankhwala zili m'manja mwa PMRA, yomwe inabwera ndi lamulo la 2019. M'mabungwe amenewa mumakhala akatswiri a ntchito zomwezo, anthu odziwa kusiyanitsa ngozi ndi kusasamala, ndipo ali ndi mphamvu yofufuta wolakwa m'kaundula. Koma malikulu awo ali ku Lilongwe. Mayi wa ku Mtakataka amene mwana wake wamwetsedwa mankhwala otha mphamvu sadziwa kuti dandaulo lake lili ndi kopita. Amangoti n'chifuniro cha Mulungu. Inu a mabungwewa, tsikani phiri, mudzakhale pansi ndi mafumu tsiku la msika pa Golomoti, mudzaonetse anthu chiphaso chenicheni ndi kuwauza kokadandaula.