Tsamba liyesedwe kaye pa foni ya ku Kapiri

Mng'ono wanga wa ku Kapiri, m'boma la Mchinji, analephera kutumiza fomu yofunsira malo a sukulu pa intaneti. Foni yake ndi Itel yakale, ndipo masamba amatsegulira pa Opera Mini. Fomu inaoneka bwinobwino, koma batani lotumizira linangoti zii. Anachita kukwera minibasi mpaka pa boma kukabwereka kompyuta.

Opera Mini imayamba yadutsitsa tsamba pa makompyuta a kampani yake kuti lichepe, n'chifukwa chake sidya bandulo. Koma potero zina za JavaScript zimafera m'njira. Wokonza tsamba amene waliyesa pa laputopu yatsopano ku Lilongwe sangazione zimenezi.

Ena amati kusamala za mapulogalamu akale otsegulira masamba n'kutaya nthawi, poti ngakhale Microsoft inasiya Internet Explorer 11 mu 2022. Izi n'zoona kwa iwo. Koma mlimi wa ku Kapiri sasankha foni, amagula imene ndalama za mtedza zakwanitsa.

Ine ndikuona kuti tsamba lililonse lofunsira sukulu kapena ntchito liyambe layesedwa pa foni yotereyi, netiweki ili yofooka. Mng'ono wangayo anatumiza fomu yake tsiku lotsekera, dzuwa litapendeka.