Ulere wapapepala suchiza mayi

Abale a kuno ku Harare, ku Lilongwe, ku Chipata ndi ku Tete, pali mawu amene timawatchula monong'ona: kusiya msambo. Tinawatsekera kutsimba, ndipo chimene anthu satchula poyera, boma silichiikira ndalama.

Taonani amene salipira m'zipatala za boma ku Zimbabwe: ana osakwana zaka 5, amayi oyembekezera, ndi okalamba opitirira zaka 65. Komatu amayi ambiri amasiya msambo ali ndi zaka zapakati pa 45 ndi 55. Mayi wa ku Waterfalls kapena ku Mbare amene amadzuka usiku atanyowa ndi thukuta, tulo titathawa, mafupa akufooka mwakachetechete, wagwera pampata. Kubereka anasiya, koma palamulo sanakalambe. Boma limamuona akakhala ndi pakati, kenako limamuiwala zaka zokwana 20.

Chithandizo chilipo: mankhwala obwezeretsa mahomoni, otchedwa HRT. Si mayi aliyense amawafuna, ndipo dokotala amayamba waunika chiopsezo cha khansa ya m'mawere ndi kuundana kwa magazi. Nanga amene wawalemberedwa awapeza kuti? Wosauka angathe kupempha kalata ya AMTO ku ofesi yosamalira ovutika kuti athandizidwe mwaulere kuchipatala cha boma. Koma akafika pawindo lolandirira mankhwala n'kuuzidwa kuti kulibe, amaloza kufamase yamalonda, kumene kalatayo ilibe mphamvu ndipo cholankhula ndi dola ya ku America. Akulu ananena kale kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Ena mwa inu mudzati awa ndi matenda a azungu, ife agogo athu ankapirira. Ndikukana. Kupirira chifukwa chosowa pothawira si mwambo woti tiusunge. Ku England amayi anafuula mpaka pa 1 April 2023 boma linakhazikitsa chiphaso cha £19.30 chotengera mankhwalawa chaka chonse. Ena mudzati dziko lathu ndi losauka. Mu 1999 dziko losauka lomweli linakhazikitsa msonkho wa Edzi wa 3 peresenti, chifukwa linaona kuti nkhaniyo njofunika. Ndalama zimatsata chimene tachitchula dzina.

Malamulo aakulu a dziko a mu 2013, pa gawo 76, amapatsa nzika iliyonse ufulu wa chithandizo chofunikira cha zaumoyo, kuphatikizapo cha uchembere. Gawo 6 limatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka ndi boma. Choncho tisapemphe mogwada. Amayi osiya msambo alowe pamndandanda wa osalipira. NatPharm ifikitse mankhwalawa m'zipatala za boma, kuyambira ku Sally Mugabe Central mpaka kukiliniki ya khonsolo. Ndipo pawindo lililonse alembe m'Chishona, m'Chindebele ndi m'Chichewa kuti wosalipira ndani.

Ifenso tili ndi mbali yathu. Anamkungwi amene amalangiza mtsikana akatha msinkhu alangizenso mayi akamasiya msambo, ndipo amuuze kuti kuchipatala kuli mankhwala ake.