Tanditwikani

Okutobala akafika, anthu akutali amadziwa Chonde, ku Mulanje, ndi ng'oma za tchopa komanso khwimbi la obwera ku mwambo wa Mulhako wa Alhomwe. Ife obadwira kuno mweziwu timaudziwanso ndi china: ndi nthawi imene anthu amayenda atagwira m'chiuno. Minda ikusosedwa, mizere ikukwezedwa dothi likadali gwa, matumba a fetereza akutsika panjinga, ndipo mukapereka moni wam'mawa yankho lake ndi lomwelo: “Tadzuka, komatu msanawu.”

Loweruka lapitali ndinaperekeza azakhali anga kumjigo. Mtsikana wina, wosapitirira zaka 13, anadzaza ndowa ya malita 20 mpaka kukamwa. Anapinda nkhata n'kuika pamutu, kenaka anawerama miyendo ili chiwongokere, n'kukoka ndowayo mpaka pabondo, n'kuiponya m'mwamba uku chiuno chikupotoka. Madzi anamukhavukira paphewa. Pamjigopo panali amayi asanu. Palibe amene anamutwika, nayenso sanapemphe. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho mwanayo anadzitwika yekha makilogalamu 20, ndipo azakhali anandiuza kuti amabwera kanayi pa tsiku.

Zinandiwawa. Ife tikukula, kudzitwika wekha anzako akuona kunali ngati kuwanyoza. Unkati “tanditwikani,” wina n'kugwira mbali inayo, ndowa n'kukwera mwaulemu. Pofika pakhomo unkaitana “tandituleni,” ndipo ngakhale wosenda chinangwa ankasiya mpeni n'kudzambatuka. Masiku ano mwambi woti mutu umodzi susenza denga timaumva pamisonkhano ya chitukuko, koma unayambira pa katundu weniweni, wolemera, wofuna manja ambiri. Makolo athu sankadziwa mayina a mafupa, koma ankadziwa kuti msana umavulala pokweza ndi potsitsa.

Msana si fupa limodzi ngati mpini. Ndi timafupa 33 tosanjikizana kuchokera m'khosi kufika kumchira, ndipo tisanu ta m'chiuno ndi timene timasenza thupi lonse lakumtunda. Pakati pa fupa ndi linzake pali kankhata kofewa kotetezera kuti mafupawo asakhulane, ndipo pambali pake pamatulukira mitsempha yopita kumiyendo. N'chifukwa chake kankhatako kakatuzuka n'kupana mtsempha, ululu umatsetsereka kudzera m'thako mpaka kuphazi, munthu n'kumati mwendo wagwidwa nyamakazi. Katundu akatalikira thupi, minofu ya msana imakoka mwamphamvu kwambiri kuti musagwe chafufumimba. Yesani kugwira njerwa pachifuwa, kenaka muigwire mutatambasula mkono, mumva nokha kusiyana kwake. Choncho ponyamula, sendezani katunduyo kumapazi, pindani mawondo, kwerani naye ali chigunde thupi, ndipo potembenuka tembenukani ndi mapazi, osati chiuno chokha. Akaposa mphamvu zanu, itanani munthu.

Vutoli si la ku Mulanje kokha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2020 anthu 619 miliyoni ankavutika ndi msana wa m'chiuno, ndipo chiwerengerochi chingafike pa 843 miliyoni pofika 2050. Palibe nthenda ina imene imalepheretsa anthu ambiri kugwira ntchito zawo kuposa imeneyi. Koma m'ziwerengero zomwezo muli chotonthoza: mwa anthu 10 odandaula msana, pafupifupi 9 sapezeka ndi fupa losweka kapena nthenda yoopsa. Ndi minofu ndi mfundo zotopa, ndipo ambiri amapeza bwino m'masabata ochepa.

Apa ndi pamene timalakwitsa kwambiri, ndipo azakhali anga omwewa ndiwo umboni wanga. Chaka chatha msana unawagwira akukweza mizere. Anagona pamphasa masabata awiri osatuluka, adzukulu akuwaperekera phala pomwepo. M'mawa uliwonse ankatuma mwana kukagula indosidi ndi burufeni paokala, n'kumeza zonse pamodzi m'mimba muli pululu. Mnzawo wina anabwera ndi lezala kudzawatema mphini m'chiuno. Msana unangoumiratu, ndipo m'mimba munayamba kuotcha. Titapita nawo kuchipatala, adokotala anawapima miyendo, anawafunsa za mkodzo ndi za kutentha thupi, kenaka anawauza kuti asiye mapilitsi aja ndipo ayambe kuyenda pang'onopang'ono tsiku lomwelo. Azakhali anabwerako atakwiya, amvekere munthu wodwala mungamuuze bwanji kuti aziyenda. Koma adokotalawo ananena zoona. Msana ukagonekedwa nthawi yaitali, minofu imafooka, mfundo zimauma, ndipo mantha oti “ndikasuntha ndithyoka” amakula kuposa ululu weniweniwo. Kupuma tsiku limodzi kapena awiri ululu ukavuta si kolakwika. Kupitirira apo, dzukani, zungulirani nyumba, mawa mufike pamsewu, mkuja pamsika. Kuthowa ndi nsalu ya madzi ofunda kumathandiza, ndipo pogona chammbali ikani pilo kapena chitenje chopindapinda pakati pa mawondo.

Za mapilitsi aja ndinene mosabisa. Indosidi, burufeni ndi diclofenac ndi mankhwala a gulu limodzi, ndipo kumwa awiri nthawi imodzi sikuchepetsa ululu kawiri, kumangowonjezera ngozi. Akamwedwa masiku ambiri angathe kuyambitsa zilonda zam'mimba ndi kuwononga impso, makamaka mwa achikulire ndi odwala BP. Amayi oyembekezera asawakhudze popanda adokotala. Mu Disembala 2023, WHO inatulutsa malangizo ake oyamba a msana wopweteka kwa miyezi yopitirira itatu. Patsogolo inaika kuphunzitsa wodwala za msana wake ndi masewera olimbitsa thupi, ndipo malamba omanga m'chiuno inati asagwiritsidwe ntchito ngati chithandizo cha nthawi zonse.

Wina anena kuti mlimi wa ku Chonde, yemwe amagwira khasu kuyambira tambala woyamba, sasowa masewera. Ndikumva. Koma kulima ndi kuwerama kumodzimodzi maola asanu, ndipo msana umadana ndi kukhala pamalo amodzi, kaya mwawerama m'munda, kaya mwakhala pampando. Telala wa pakhonde la sitolo, dalaivala wa minibasi ya Limbe ndi Muloza, mnyamata wa kabaza amene chishalo chake chinatsika, mayi wothyola tiyi dengu lili kumsana, onsewa mavuto awo ndi apachibale. Mukatha mizere iwiri kapena itatu, weramukani, ikani manja m'chiuno, pendekerani kumbuyo pang'ono kangapo. Madzulo gonani chagada pamphasa, kokerani mawondo pachifuwa, kenaka muwagwetsere uku ndi uku mofatsa. Sizitenga nthawi yoposa yophikira tiyi. Mpini wa khasu ukhale wolingana ndi msinkhu wa mwini wake, si bwino bambo wamtali kulimira khasu la mwana. Tsache lalifupi lija limangireni kundodo. Beseni lochapira likwezeni pachitsa kapena panjerwa. Ndipo osuta adziwe kuti fodya ali m'gulu la zinthu zimene zimawonjezera vuto la msana.

Anyamata aganyu otsitsa matumba a makilogalamu 50 a chimanga ndi nandolo ndiwo amandimvetsa chisoni koposa. Amalipidwa pa thumba, ndiye amathamanga, ndipo wopempha mnzake kuti agwirizane amasekedwa kuti ndi wofooka. Apa mlandu si wa anyamatawo okha. Mwini katundu amene angathe kugula matumba 100 angathenso kugula wilibala imodzi, kapena kulola kuti thumba azinyamula awiri popanda kuwadula malipiro.

Tsono si msana uliwonse umene umatha ndi kuyenda. Ngati miyendo ikufooka kapena phazi likukwakwa pansi, ngati mwachita dzanzi pakati pa miyendo, ngati mkodzo ukukanika kutuluka kapena mkodzo ndi chimbudzi zikutuluka zokha, musadikire kuti kuche, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi ngati ululu unayamba mutagwa mumtengo kapena panjinga. Ndipo ngati msana ukupweteka usiku ngakhale mwagona phee, thupi likutentha, mukutuluka thukuta usiku ndipo mukuwonda, kayezetseni, pakuti chifuwa chachikulu cha TB chimagwiranso mafupa a msana. Chikapezeka msanga chimachizika ndi mankhwala, chikachedwa chimasiya linunda kapena kupuwalitsa miyendo. Yambirani pachipatala chaching'ono cha kufupi nanu. Iwo ndi amene angakutumizeni ku chipatala chachikulu cha boma ku Mulanje, ndipo zikafunika, ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Abambo ambiri amachedwa chifukwa cha manyazi, poti kwathu kuno mawu oti “msana” amanenanso mphamvu za m'nyumba, ndiye m'malo mokaonana ndi adokotala amakagula mizu mobisa. Manyazi amenewo awonongetsa anthu amene akanachira.

Sukulu ya Kamuzu University of Health Sciences imaphunzitsa madokotala a mafizo, koma ambiri mwa iwo ali m'zipatala zikuluzikulu, kutali ndi mjigo wathu. Ndikulakalaka alangizi a zaumoyo, amene amatipeza kale kusikelo ya ana ndi m'midzi, atapatsidwa kaphunziro kakafupi ka msana: kanyamulidwe, masewera atatu kapena anayi, ndi zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala. Aphunzitsi a ku pulayimale nawonso, poti ndowa zija zikusenzedwa ndi ana a Sitandade 5.

Azakhali masiku ano amatunga theka la ndowa n'kubwerera kawiri. Loweruka lija, mtsikana uja atabweranso ulendo wachiwiri, anamuimitsa asanawerame. “Iwe mwana, taima ndikutwike.” Iye anayang'ana pansi ndi manyazi, n'kunena kuti anazolowera. Azakhali anagwira chogwirira mbali imodzi, n'kukodola mayi wina kuti agwire mbali inayo, ndipo anamuuza kuti akafika kwawo asatule yekha, aitane amayi ake.