Injini ya ndege sizima yokha

Kandege kakagwa, akuluakulu amafulumira kutiuza kuti injini inazima m'malere. Ife timapukusa mitu n'kunena kuti linali tsiku lake, nkhani n'kuthera pomwepo. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa nthawi zambiri injini ikazima pamakhala munthu amene analekerera china chake ndege ili pansi.

John Denver, woyimba wa ku America uja, ananyamuka pa bwalo la Monterey ku California pa 12 Okutobala 1997 ndi kandege ka mtundu wa Long-EZ komwe anali atangogula kumene. Mafuta anali ochepa. Atafunsidwa ngati awonjezere, anakana poti amangofuna kuuluka ola limodzi. Amene anapanga kandegeko anaika chotsegulira mafuta kuseri kwa phewa lamanzere la woyendetsa, pomwe pulani yake inkati chikhale pakati pa miyendo. Ofufuza a bungwe la NTSB anati thanki imodzi itauma, Denver anapotokola thupi kuti afikire chotseguliracho, phazi n'kuponda chokhotetsera, kandege n'kugwera m'nyanja. Tsoka lili pati pamenepa?

Harrison Ford, katswiri wa mafilimu, anapulumuka koma atavulala kwambiri. Pa 5 Malichi 2015 injini ya ndege yake ya Ryan, yopangidwa mu 1942, inatha mphamvu atangonyamuka ku Santa Monica, ndipo anakatera pa bwalo la gofu la Penmar atagunda nsonga ya mtengo. Chinavuta n'kachitsulo kakang'ono ka mu kabuleta komwe kanamasuka. Kabuletayo inakonzedwa komaliza mu 1998, ndipo panalibe malangizo oti amakaniko azikaona.

Komanso ndege yozima injini sigwa ngati mwala. Cessna 172 ikakhala kilomita imodzi m'mwamba imatha kuyandama makilomita pafupifupi 9 isanafike pansi. Chimapha ambiri ndi mtima wofuna kupulumutsa ndege: woyendetsa ali pafupi ndi nthaka akhotetsa kuti abwerere ku bwalo, akweza mphuno, liwiro litha, mapiko n'kuleka kunyamula. Bola akanangotera m'munda umene unali kutsogolo kwake.

Tindege totere timaulukanso kwathu kuno, kupita ku Likoma, ku Chelinda, ku Mfuwe. Asananyamuke, woyendetsa amayenera kudontheza mafuta m'kabotolo kuchokera kunsi kwa phiko, n'kukakweza padzuwa. Mafutawo amakhala abuluu, ndipo ngati muli madzi amakhazikika pansi, kuoneka bwinobwino. Ndi ntchito ya kamphindi, koma munthu wothamangitsidwa ndi abwana ndi alendo amailumpha.

Ngozi ya ku Chikangawa pa 10 Juni 2024, yomwe inapha Saulos Chilima ndi anthu ena 8, sinali ya injini. Koma ofufuza a ku Germany a BFU anapeza kuti batire ya kachipangizo kolozera pomwe ndege yagwera inatha ntchito mu 2004. Zaka 20 zathunthu palibe amene anaisintha! Tinadziwa zimenezi chifukwa choti lipoti linatuluka poyera.

Ndiye oyang'anira za maulendo a ndege m'dziko muno asamadikire kuti afe munthu wamkulu. Kandege kalikonse kakatera mokakamizika, ngakhale onse atuluke amoyo, lipoti lituluke, ndipo litiuze amene anathira mafuta, amene anasayina buku la makaniko, ndi tsiku limene injiniyo inatsegulidwa komaliza.